Kompyuta ya a Peniasi Inakana Mwana wa Eni

Ku Labasa kuno, tauni yathu ya pachilumba, munthu aliyense anali ndi njira yake yozembera a Peniasi. Ena ankawoloka msewu, ena ankagwira tsaya ngati dzino lawavuta, ndipo Salesi woyendetsa takisi ankatseka magalasi onse ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Sikuti anali munthu woipa ayi. Anali munthu wokoma ngati nzimbe yokhwima. Vuto lawo linali pepala. M'thumba la malaya awo simunkasowa pepala lopindapinda, ndipo akangokupezani, kaya ndi pamsika kaya pamaliro, ankalitambasula n'kunena kuti, "Tawerengani apa, m'bale wanga. Kenako mundiuze, mwasokonezeka pati?"

Mpaka dzina linawakhala: a Mwasokonezekapati. Pa ukwati wa mwana wa abusa, mkwatibwi anajambulidwa atagwira maluwa dzanja ili, pepala la a Peniasi dzanja linalo. Chithunzicho chidakalipo, mukapite mukaone.

Pepalalo linali phunziro loyamba. Atapuma ntchito yophunzitsa masamu kusekondale, a Peniasi anayamba kuphunzitsa za makompyuta pa kakoleji kathu ka kuseri kwa msika. Ankaphunzitsa chinenero cha kompyuta chotchedwa Prolog, ndipo eni ake ankalumbira kuti n'chosavuta kuposa kusenda chinangwa. Kompyutayo umaiuza mfundo, monga kuti uje ndi kholo la uje. Kenako umaipatsa lamulo, monga kuti kholo la kholo lako ndi agogo ako. Ukatero umaifunsa funso, iyo n'kukuyankha kuti inde kapena ayi. Basi.

Koma ophunzira atsopano akamva phunziro loyambalo, sabata yotsatira m'kalasi munkabwera mipando yokha.

A Peniasi sankadzudzula wophunzira ndi mmodzi yemwe. Ankati wophunzira akathawa, wolakwa ndi tsamba. Ndiye ankalilemba, kulifufuta, kulilembanso, n'kutuluka nalo panja kukasaka munthu woliyeserapo. Ndipo kuwanamiza kuti mwamva sikunkathandiza. Tsiku lina anamukola Salesi akupopa tayala, posowa pothawira.

"Ndamva bwinobwino, aphunzitsi," anatero Salesi atangoliyang'ana pamwamba. "Lero ndiye mwalemba zomveka."

"Wamva? Chabwino. Ukaifunsa kuti agogo a uje ndani, imayamba kuyang'ana pati?"

Salesi anakanda mutu. "Kunyumba kwawo?"

"Eya!" anakuwa a Peniasi mosangalala ngati awauza kuti mkazi wawo wabereka amapasa. "Ndiye kuti pakatipa ndi polakwika!" N'kuthamangira kunyumba kukakonza.

Mkazi wawo, a Torika, analiwerenga pepalalo mpaka kuliloweza ngati nyimbo ya kutchalitchi, koma osatolapo kanthu. Ankauza anzawo pamsika kuti, "Ine ndinakwatiwa ndi amuna awiri, wina wa mnofu wina wa pepala. Bola wa pepalayu, amasinthako sabata iliyonse."

Ndiye chaka china mkulu wa koleji, Mayi Urmila, anaitanira a Peniasi mu ofesi. Anawathirira tiyi, kuwapatsa roti, ndipo a Peniasi ataona rotiyo anadziwiratu kuti nkhani si yabwino.

"Aphunzitsi, chipinda chanu chija anthu ophunzira kusoka akuchifuna. Iwo akukhala mothithikana, inu mukuphunzitsa mipando. Teremu ino ophunzira anu akathawanso, ndiikamo makina osokera."

"Sathawa, mayi."

"Chaka chatha munatero."

"Chaka chatha tsamba linali lolakwika."

"Nanga chaka chinacho?"

"Linali lolakwikanso, koma pena."

Anatuluka mu ofesimo chibwano chili m'mwamba. Ali m'njira anatulukira chimene chinkathamangitsa anthu. M'buku lochokera kunja limene ankatengamo chitsanzo munali banja la anthu osadziwika: bambo, mayi, tiana tiwiri, kwatha. "Banja lanji lopanda malume, lopanda azakhali?" ankadzifunsa mokweza mpaka agalu kuwatembenukira. "Anthu amenewa anachita kugwa mumtengo wa kokonati?" Anatsimikiza kuti achotsamo alendowo n'kuikamo banja lawo lomwe, limene tauni yonse inkalidziwa.

Loweruka masana anakhala pa kompyuta ya m'kalasi muja n'kuyamba kulemba. Analemba makolo awo, abale awo, kenako anafika kwa Momo Sakiusa, malume awo, mlongo wa mayi awo, munthu amene Mulungu anamudalitsa ndi ana odzaza bwato. Ali pakati polemba anawo, mtima unawayabwa kuti ayese kaye lamulo lina. Anaiuza kompyutayo kuti anthu awiri ndi pachibale ngati kholo lawo ndi mmodzi. Kenako anaifunsa kuti abale a Peniasi ndani.

Inayankha kuti Josaia. Zoona. Unaisi. Zoona. Peniasi.

A Torika anali atangofika ndi chakudya chamasana. "Torika, tabwera udzaone! Akuti ine ndine m'bale wa ine ndemwe!"

A Torika anasuzumira, n'kutsitsa mbale ya nsomba. "Musungeni ameneyo. Ndi m'bale yekhayo amene sadzabwereka chikwanje chanu n'kuchiiwalira kwawo."

A Peniasi anaseka mpaka misozi, chifukwa kompyutayo sinalakwe. Peniasi ndi Peniasi kholo lawo ndi mmodzi ndithu. Anawonjezera kamzere konena kuti anthu awiriwo akhale osiyana, zinthu n'kulongosoka. Anadya nsomba ija mtima uli mbee, anatseka chitseko, n'kumapita akuimba mluzu. Zoti ana a Momo Sakiusa anawasiyira panjira, anaiwaliratu.

Tsiku lotsegulira kalasi, pampando wakutsogolo panakhala Makelesi, chitsiriziro cha ana a Momo Sakiusa, mayi wa ana akuluakulu, wa pakamwa pakuthwa ngati mpeni wodulira nzimbe. Iyeyu anali tavale wa a Peniasi, msuweni amene mwambo umakulola kumunyoza mpaka thukuta kamukamu, iye osakwiya. Ankati wabwera kudzaphunzira kompyuta. Tonse tinkadziwa kuti wabwera kudzazunza munthu.

"Tavale, dazi lakolo likutithobwa m'maso. Sitikuona pabolodi."

"Pita kumbuyo, tavale. Mipando yakutsogolo ndi ya anthu anzeru."

"Ndiye bwanji iwe waima kutsogolo?"

Kalasi inaseka, ndipo phunziro linayamba bwino kuposa zaka zonse. A Peniasi anaonetsa mmene mfundo imalembedwera: kholo(sakiusa, taniela), kutanthauza kuti Sakiusa ndi kholo la Taniela. Anthu anagwedeza mitu, pakuti Taniela ankamudziwa, ndi uja amawotcherera zitsulo pafupi ndi mlatho. Anaifunsa kompyuta ngati Sakiusa ndi malume a Peniasi, iyo n'kuti inde. Mtsikana wina anaomba m'manja. A Peniasi ankangomva ngati akuyandama.

"Taifunse za ine," anatero Makelesi.

A Peniasi analemba monyadira, osayang'ana n'komwe zala. Kodi Sakiusa ndi kholo la Makelesi?

Ayi.

Onse anatembenukira kwa Makelesi.

"Yati chiyani?"

"Dikira, tavale, mwina chala chaterereka." Anafunsanso. Ayi.

Makelesi anaimirira pang'onopang'ono. "Ndiye ifunse kuti bambo anga ndani."

A Peniasi anafunsa. Kompyuta inangoti ayi, osatchula munthu.

Apa m'pamene anakumbukira za Loweruka lija. Koma m'malo mongonena kuti ndinakuiwala, anathawira m'mawu a m'buku. "Musadabwe, anthuni. Izi akatswiri amazitcha kulingalira kwa dziko lotsekeka, kutanthauza kuti kulephera kutsimikizika kwa mfundo kumatengedwa ngati..."

"Wotsekeka ndi mutu wakowo," anatero Makelesi, koma ulendo uno sanaseke. Tavale umamunyoza za dazi lake, za mimba yake, za kuphika kwake. Sukhudza mayi ake amene anagona kale. Anatola kachikwama kake n'kutuluka.

Nkhani ku Labasa sikwera basi, imafika basi isananyamuke. Pofika mawa lake pamsika ponse pankamveka zoti kukoleji kwabwera makina oyeza magazi pongomva dzina. Ena ankati makinawo anenanso za abusa. Tsiku la phunziro lachiwiri m'kalasi munalibe munthu. Mnyamata wina dzina lake Ilaitia, amene makutu ake sankafanana kwenikweni ndi a bambo ake, anasiya ambulera yake momwemo, osayerekeza kukaitenga. Ndipo a Peniasi anaona ndi maso awo Mayi Urmila akuyeza khoma la chipindacho ndi tepi ya atelala.

"Sindinagonje, mayi," anatero ali pakhomo.

"Ine ndikungoyeza, aphunzitsi."

Kunyumba a Torika sanachedwe nazo. "Pitani kwa Momo mukapepese. Mugule yaqona, mizu yopangira chakumwa cha mwambo ija, mtolo weniweni, osati timizu tija mumapatsa anzanu. Nkhalamba ija yasiya kudya."

A Peniasi anavala sulu, nsalu yawo yomanga m'chiuno yopitira kutchalitchi, ananyamula mtolo wa mizu ija, n'kupinda pepala latsopano limene analembapo tsatanetsatane wa chifukwa chake kompyuta inayankha motero. Ali pakhomo, a Torika anapisa dzanja m'thumba mwawo n'kulisolola.

"Ili litsala."

"Torika, ndikafotokoza bwanji?"

"Ndi pakamwa, ngati anthu ena onse."

Anakafika dzuwa litapendeka. Momo Sakiusa anakhala kumtunda kwa mphasa, nkhope ili gwa ngati chitseko. Ana awo aamuna anakhala m'mbali, akazi chakukhomo, Makelesi pakati pawo akuyang'ana kudenga. A Peniasi analowa chowerama, anakhala pansi, anaika mtolo patsogolo pawo n'kulankhula mawu opepesa monga mwa mwambo, mutu uli pansi. Atamaliza, nkhalamba ija sinaugwire mtolowo. Ndipo mtolo ukapanda kugwiridwa, ndiye kuti nkhani sinathe.

"Mphwanga," anatero Momo. "Makina akowo ankamudziwa malemu mkazi wanga?"

"Ayi, Momo."

"Analipo tsiku limene mwanayu ankabadwa, ine ndikuthamanga ndi nyali kukaitana azamba?"

"Panalibe, Momo."

"Ndiye akumukana ngati ndani?"

Dzanja la a Peniasi linapita lokha kuthumba. Munalibe kanthu. Mawu onse a m'buku anabwera pakhosi, koma atayang'ana nkhope ya malume awo anadziwa kuti akangotchula dziko lotsekeka, chitseko cha nyumba imeneyi chiwatsekekera moyo wonse. Kenako anakumbukira kanthu.

"Momo, mukukumbuka tsiku limene ndinabwera ndi Torika kuchokera kwawo kuchilumba cha Kadavu? Munabwera kudoko kudzatichingamira."

Nkhalamba ija inafwenthera. "Ndingaiwale? Mkazi wakoyo anandisenzetsa sutikesi, kuyesa ndine wonyamula katundu. Mpaka anandiuza kuti ndisamale, muli mbale."

Wina chakukhomo anatsamwa ndi phwete.

"Kodi anakunyozani, Momo?"

"Anyoza bwanji munthu wosandidziwa? Anali mlendo. Chitsiru unali iweyo, wosamuuza kuti awa ndi malume."

"Ndi zomwezo, Momo. Kompyuta ija ndi mlendo. Yafika kumene, sidziwa munthu, siona nkhope, siyeza magazi. Imadziwa chokhacho chimene mwininyumba waiuza. Kungoti mlendo wa munthu ukamufunsa zimene sanauzidwe amati sindikudziwa. Mlendo uyu mawu amenewo alibe. Chimene sanauzidwe amangoti ayi. Ine ndinamuuza za Taniela ndi enawo, nsomba itabwera ndinaiwala Makelesi. Chitsiru ndine ndemwe, kachiwiri."

Kenako mawu a Makelesi anachokera kukhomo.

"Ndiye bwanji sunanene choncho m'kalasi muja, kadazi iwe?"

A Peniasi anatembenuka ngati alumidwa ndi mavu. Anaiwala zoti ali pamwambo. "Wamva, tavale?"

"Chovuta n'chiyani pamenepo?"

"Ayi, dikira. Ndikaifunsa ngati nyanja ili ndi mchere, iti chiyani?"

"Iti ayi, ngati sunaiuze. Ukuyesa ndine Salesi?"

A Peniasi anatsala pang'ono kugubuduza mtolo wa yaqona uja. Zaka zonsezi akusaka munthu woti ayankhe funso lachiwiri, n'kudzamupeza pamphasa yopepesera, thumba lili pululu.

Momo Sakiusa anatambasula manja, anagwira mtolo uja, amuna onse n'kuomba m'manja mwa mwambo. Koma nkhalambayo sinathere pomwepo.

"Tsono mlendo ameneyu wakhala m'tauni muno nthawi yonseyi, akutchula maina athu, osabwera kudzaonekera kwa eni maina? Ndi khalidwe lanji limenelo? Ubwere naye."

Loweruka lotsatira takisi ya Salesi inaima pakhomo pa Momo, kompyuta ili pampando wakutsogolo itamangidwa lamba. Anaikhazika kumunsi kwa mphasa, pamalo a alendo, chingwe cha magetsi chikuchokera pawindo. A Peniasi anaiperekera yaqona monga amachitira mlendo aliyense wofika pamudzi. Ophunzira onse othawa aja anabwera, ati kudzangoonerera, n'kudzaza khonde. Chikho cha mlendo chitafika, panavuta pang'ono, mpaka Salesi anadzipereka kumwa m'malo mwake. Anadziperekanso ulendo wachiwiri popanda womupempha.

Kenako Momo anayamba kumudziwitsa mlendoyo anthu, kuyambira agogo a agogo awo, a Peniasi akulemba. Atafika pa chitsiriziro, Makelesi anawakankha ndi chigongono.

"Suntha. Ungandiiwalenso."

Analemba yekha ndi chala chimodzi, lilime lili panja: kholo(sakiusa, makelesi). Anafunsa yekha. Kompyuta inati inde.

"Waona?" anatero Momo, akuloza mlendoyo ndi chibwano. "Ukamulandira bwino, ndi munthu waulemu."

Ilaitia wa makutu uja anasendera pafupi n'kunong'ona. "Aphunzitsi, ndiye kuti za makutu siziona?"

"Chimene uiuze ndi chimene idzanene, mwana wanga."

Mnyamatayo anapuma mpweya wautali, ndipo Lolemba anali woyamba kufika m'kalasi, ati kudzatenga ambulera.

Phunziro loyamba linalembedwanso, ndipo ulendo uno linayamba ndi mawu akuti, "Kompyuta ndi mlendo wongofika kumene. Muuzeni kuti uje ndani." Wophunzira aliyense ankayamba ndi kumudziwitsa mlendoyo banja lake, kenako n'kumufunsa dala za munthu amene sanamutchule, kuti amve yekha ayi uja asanamupweteke. Teremu imeneyo sanathawe munthu. Makina osokera anakapeza malo kwina, ndipo Mayi Urmila anawaitananso a Peniasi kudzamwa tiyi, popanda roti.

Mukuganiza kuti tauni inapuma? Sabata yomweyo a Peniasi anaoneka pamsika ndi pepala lina. Linali phunziro lachiwiri.

Anatisiya nyengo yodula nzimbe, chaka chathachi. Mtima ndiwo unatopa, eni akewo anali asanatope. Anamwino amati ngakhale pabedi lachipatala ankawakola pobwera kudzawayeza kutentha kwa thupi. Tsiku lomaliza anapempha a Torika kuti awawerengere tsamba loyamba lija mokweza. A Torika anawerenga mpaka pansi.

"Wasokonezeka pati?"

"Palibe."

"Ukunama, Torika."

"Ifunseni kompyuta yanuyo ngati ndinayamba ndakunamizanipo."

Akuti anamwetulira, n'kutseka maso ngati munthu amene wamaliza kuchonga mayeso.

Masiku ano munthu umatha kuyenda kuchokera pamlatho mpaka pamsika popanda wokuimitsa. Tinkayesa tidzakondwa. Salesi amayenda magalasi ali otsegula, koma amati mphepo yake sikoma. Ena timapezeka tawoloka msewu pamalo pomwe paja mwachizolowezi, kenako n'kuima tsidya linalo ngati anthu oiwala chimene tadzera.

Kalasi ija idakalipo. Kunabwera mphunzitsi wachinyamata wochokera kulikulu ku Suva, koma phunziro loyamba amaphunzitsa ndi Makelesi, ndipo palibe amene anamupempha. Banja la a Peniasi likadali m'kompyutamo monga analisiyira. Teremu yathayi mtsikana wina watsopano, pofuna kuyesa mlendo uja, analemba funso lake mwakachetechete. Kodi Peniasi anamwalira?

Ayi.

Mtsikanayo anadzidzimuka n'kukweza dzanja. "Anti, yalakwitsa. Ine kumaliro kuja ndinaliko."

Makelesi anabwera, anawerama, n'kuyang'ana kamawu kaja nthawi yaitali ndithu.

"Sinalakwitse," anatero. "Ndilo phunziro loyamba limenelo. Sinauzidwe."

"Ndiye ndiiuze?"

"Ungoyerekeza kugwira pamenepo, ndikuthyola zala," anatero Makelesi, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Kadazi kameneko kanandiiwala dala pamaso pa anthu. Nanenso ndaiwala."